Mipira Yoimika: Mafunso ndi Mayankho pa Timu Imene Ikuvutika mu Ligi

Mpira woimika ndi mpira umene masewero amayambiranso nawo woimbira akawaimitsa kapena mpira ukatuluka m'bwalo: kona, firikiki, penate, mpira woponya ndi manja kuchokera m'mbali, ndi mpira umene goloboyi amamenya kuchokera pagolo pake. Timu ikamira kumunsi kwa ligi, ochemerera a ku Chawama, Kanyama kapena Matero amayamba kufuna mphunzitsi watsopano ndi womwetsa zigoli wogula kwina. Mipira yoimika ndi mbali ya masewero imene timu yotere ingakonze ndi anyamata amene ili nawo kale.

Kodi mipira yoimika imabweretsa zigoli zochuluka bwanji?

M'maligi akuluakulu, mmene chilichonse chimawerengedwa, pafupifupi chigoli chimodzi pa zinayi zilizonse chimachokera pa mpira woimika, ndipo mapenate akaphatikizidwa chiwerengerocho nthawi zina chimafika chimodzi pa zitatu. Pa chikho cha dziko lonse cha 2018 ku Russia, England inamwetsa zigoli 12, ndipo 9 mwa izo zinachokera pa makona, mafirikiki ndi mapenate. Mu ligi yaikulu ya Zambia muli matimu 18, timu iliyonse imasewera masewero 34, ndipo ambiri mwa masewerowa amatha 1-0, 1-1 kapena 0-0. Kupambana kumapereka mapointi 3, kufanana mphamvu kumapereka imodzi. Choncho timu imene yasandutsa masewero 5 ofanana mphamvu kukhala opambana yaonjezera mapointi 10, ndipo kumunsi kwa ligi mapointi 10 ndi okwanira kulekanitsa otsala ndi otuluka. Mbiri yabwino siteteza timu: Lusaka Dynamos inatenga chikho cha ABSA mu 2021 pogonjetsa ZESCO United pa mapenate, koma mu 2022 inatuluka mu ligi.

Bwanji osangogula osewera abwino?

Chifukwa kugula kumafuna ndalama, ndipo matimu sali ndi matumba ofanana. Zanaco ili ndi banki kumbuyo kwake, Red Arrows ndi ya asilikali a m'mlengalenga, Green Buffaloes ndi ya asilikali a pansi, Nkwazi ndi ya apolisi, NAPSA Stars ndi ya bungwe la penshoni. Timu yodalira mwini mmodzi kapena zopereka za ochemerera singapikisane nawo pamsika wa osewera. Mpira ukamayenda, timu ya osewera aluso imaulanda ndi kuusunga, ndipo yofooka imangothamangira m'mbuyo. Pa mpira woimika zinthu zimasintha: mpira uli phee, adani akakamizidwa kuima mamita 9.15 kutali, ndipo timu yomenya ndi imene ikusankha nthawi, malo ndi munthu wolandira. Imeneyi ndi mphindi yokhayo m'masewero imene ingakonzedwe yonse pasadakhale. FC Midtjylland ya ku Denmark inatenga ligi koyamba mu 2015, ndipo pafupifupi theka la zigoli zake sizoni imeneyo linachokera pa mipira yoimika imene inkakonzedwa mwadala.

Timu iyambe ndi kutchinga kapena kumwetsa?

Iyambe ndi kutchinga. Kuphunzira njira zatsopano zomwetsera pamene timu ikugoletsedwa pa kona sabata iliyonse n'kuthira madzi m'ndowa yobooka. Ntchito yoyamba ya mphunzitsi ndi kuona kanema wa chigoli chilichonse chimene timu yagoletsedwa, ngakhale atakhala wojambulidwa ndi foni kuchokera pamalo okwera, ndi kufunsa mafunso omwewo pa chigoli chilichonse. Ndani anapereka faulo kapena kona imeneyi, ndipo kodi kunali kofunika? Ndani anayamba kukhudza mpira utalowa m'bokosi? Utabwezedwa unagwera kwa yani? Mayankho ake amadabwitsa ochemerera ambiri, amene amathamangira kuloza goloboyi chala. Kawirikawiri vuto limapezeka kuti linayambira kwa wotchinga amene amakankha mdani kumsana pamalo opanda ngozi, kapena kwa wosewera wapakati amene amaima kuonerera mpira ukangochoka pa mutu woyamba. Firikiki imene sinaperekedwe siifuna khoma, ndiye kuchepetsa mafaulo pafupi ndi bokosi ndi gawo loyamba la kutchinga.

Pa kona, ndi bwino kugwira munthu aliyense wake kapena kugwira malo?

Njira zonse ziwiri zili ndi pobooka. Aliyense akagwira munthu wake, udindo umaoneka bwino, koma adani ochenjera amathamanga mopingasana ndi kutsekereza, mpaka wotchinga mmodzi amataya munthu wake. Aliyense akagwira malo, palibe amene amakokedwa kuchoka pakhomo pa golo, koma wotchinga amalumpha ataima pamene mdani akubwera ndi liwiro, ndipo wothamanga amalumpha kuposa woima. Matimu ambiri masiku ano amaphatikiza. Osewera awiri kapena atatu odziwa kumenya ndi mutu amaikidwa pamalo oopsa, mmodzi kutsogolo kwa mtengo wapafupi ndipo ena pamzere wa kabokosi kakang'ono, osagwira munthu aliyense. Ntchito yawo ndi kuuthamangira mpira. Ena atatu kapena anayi amagwira adani oopsa kuti asathamange momasuka. Mmodzi kapena awiri amaima pakamwa pa bokosi kudikira mpira wobwezedwa, umene umabweretsa zigoli zambiri zimene anthu amangoziwerengera ku tsoka.

Chofunika kuposa njira yosankhidwa n'chakuti isasinthidwe sabata iliyonse, ndipo wosewera aliyense, kuphatikizapo amene ali pa benchi, adziwe poima. Zigoli zambiri zimalowa mphunzitsi atangosintha wosewera, wolowayo asanauzidwe munthu womugwira. Mawu otsiriza m'bokosi ndi a goloboyi: akafuna mpira afuule, akaubweza aubwezere kutali ndi m'mbali, ndipo ukatuluka alamule onse kutuluka pamodzi. Goloboyi wosalankhula amavutitsa timu ngakhale atakhala ndi manja abwino.

Kodi timu ya osewera afupiafupi ingamwetse pa makona?

Ingathe. Msinkhu umathandiza, koma umabwera pambuyo pa zinthu ziwiri: mpira kufika pamalo amene anagwirizana, ndi wolandira kufika pa nthawi yake. Pa chikho cha Africa cha 2012, Zambia inamwetsa chigoli choyamba pokumana ndi Sudan kudzera mwa Stoppila Sunzu, amene anamenya ndi mutu firikiki ya Rainford Kalaba. Anthu amakumbukira mutu wa Sunzu, koma popanda phazi la Kalaba, mmodzi mwa afupi kwambiri m'timuyo, mutuwo sukadapeza kanthu. Pa 31 Julaye 2023 ku Hamilton, New Zealand, chigoli choyamba cha Zambia pa chikho cha dziko lonse cha akazi chinabwera pa kona ya Avell Chitundu m'mphindi yachitatu, ndipo Lushomo Mweemba anachimwetsa ndi phazi. Timu yaifupi ili ndi njira zake: kona yaifupi ya anthu awiri imene imakoka otchinga kutuluka m'bokosi, mpira wotsika wothamanga wopita ku mtengo wapafupi kuti wina aungopatutsa pang'ono, kapena mpira wapansi wobwezera kwa womenya amene wabisala pakamwa pa bokosi. Pa kona palibe ofusayidi pa mpira woyamba, ndiye wosewera angathe kuima pafupi ndi goloboyi, malinga asamukankhe kapena kumugwira.

Nanga kona si theka la chigoli, monga ochemerera amanenera?

Ayi. M'maligi mmene zimawerengedwa, pa makona 100 ndi atatu okha kapena pafupi ndi pamenepo amene amabala chigoli. Phindu lake lili m'kuchuluka: timu imapeza makona angapo masewero aliwonse, ndipo kukweza pang'ono chiwerengero chimenechi kwa sizoni yonse kumapereka zigoli zingapo. Kona ilinso ndi ngozi yake. Otchinga aatali akapita kutsogolo, kumbuyo kumatsala poyera, ndipo mpira ukalandidwa adani amafika pagolo m'masekondi ochepa. Timu yovutika isiye osewera awiri othamanga kumbuyo ndi mmodzi pakamwa pa bokosi. Isaiwalenso kuti chigoli cha pa kona sichimaliza masewero. M'masewero otsiriza a chikho cha Africa cha 1994 ku Tunis, Elijah Litana anamwetsa ndi mutu pa kona m'mphindi yachitatu, koma Emmanuel Amunike anabweza patangopita mphindi ziwiri, ndipo Nigeria inapambana 2-1.

Njira zomenyera zisachuluke. Zitatu kapena zinayi zodziwika bwino kwa aliyense, iliyonse ndi chizindikiro chake monga kukweza dzanja limodzi kapena awiri, zimaposa njira khumi zimene theka la timu laiwala. Mpira wokhotera kugolo umavutitsa goloboyi ndipo umangofuna kukhudzidwa pang'ono. Wokhotera kunja umamuthawa ndipo umakumana bwino ndi mutu wa wothamanga. Timu ikhale ndi womenya wa phazi lamanja ndi wa lamanzere kuti ithe kusankha mbali zonse ziwiri.

Ndani ayenera kumenya firikiki, ndipo imenyedwe bwanji?

Amenye amene amaonetsa pokonzekera kuti mpira umamumvera, kaya ndi kaputeni kapena mnyamata wongofika kumene. Zambia ili ndi chitsanzo chimene aliyense amachidziwa. Kalusha Bwalya anamwetsa firikiki ndi phazi lake lamanzere pamene Zambia inagonjetsa Italy 4-0 pa masewero a Olympic a 1988 ku South Korea. Pa 4 Julaye 1993 pa bwalo la Independence ku Lusaka, patangotha miyezi iwiri ndi masiku ochepa chichitikireni ngozi ya ndege ya timu ya Zambia ku Gabon, firikiki yake inabweza chigoli cha Morocco, kenaka Johnson Bwalya anamwetsa chopambanira. Mu 2004, ali ndi zaka 41 ndipo ali mphunzitsi wa timuyo, analowa kuchokera pa benchi n'kumwetsa chigoli chimene chinagonjetsa Liberia 1-0.

Koma mbiri imeneyi yasocheretsanso anyamata ambiri, amene amalunjika pagolo kuchokera mamita 35 kapena pakona yopapatiza, mpira n'kukathera kwa ochemerera. Kulunjika pagolo kuli ndi phindu pamene mpira uli pafupi ndi bokosi ndiponso chapakati. Kwina konse firikiki imenyedwe ngati kona, kulowetsa mpira pakati pa goloboyi ndi mzere wa otchinga, pamalo amene aliyense wa iwo amakayika kuti ndi ake. Malamulo nawonso adziwike. Kuyambira 2019, khoma likakhala la anthu atatu kapena kuposerapo, osewera a timu yomenya ayenera kuima mita imodzi kutali nalo. Woimbira akakweza dzanja m'mwamba ndiye kuti mpira uyenera kukhudza wosewera wina usanalowe. Ndipo ngati woimbira sanalamule kudikira wezulo, mpira ungamenyedwe msangamsanga adani akadali kukangana. Kona imene Trent Alexander-Arnold anapatsira Divock Origi pa 7 Meyi 2019, otchinga a Barcelona atatembenuka, inachokera pa kukhala tcheru kotereku.

Mapenate si mwayi chabe?

Mwayi ulipo, koma waung'ono kuposa mmene anthu amaganizira. Mpira umaikidwa mamita 11 kuchokera pagolo la mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 m'mwamba, ndipo umafika pamzere pafupifupi m'theka la sekondi. Pafupifupi mapenate atatu pa anayi alionse amalowa. Amene amaphonya kawirikawiri ndi osintha maganizo ali mkati mothamanga, kapena othamangira kumenya wezulo ikangolira asanapume n'komwe.

Ulendo wa Chipolopolo, timu ya Zambia, pa chikho cha Africa cha 2012 unadutsa pa penate kangapo. Pokumana ndi Sudan, penate ya Christopher Katongo inagwidwa, koma iye anautsatira mpira wobwerera n'kumwetsa. Pokumana ndi Ghana ku Bata, Kennedy Mweene anagwira penate ya Asamoah Gyan masewero atangoyamba, ndipo Emmanuel Mayuka anamwetsa chigoli chokhacho. M'masewero otsiriza pa 12 Febuluwale ku Libreville, Didier Drogba anamenya penate pamwamba pa golo, masewero anatha 0-0, ndipo panamenyedwa mapenate 18 kuti wopambana adziwike. Mweene anamwetsa yake, anagwira ya Kolo Touré, Kalaba ndi Gervinho anaphonya, Sunzu anamaliza 8-7. Timu imene omenya ake asanu ndi awiri oyamba onse anamwetsa, kuphatikizapo goloboyi, sinkadalira munthu mmodzi. Usiku womwewo Mweene anagwiranso penate ya Sol Bamba, koma inabwerezedwa chifukwa anachoka pamzere msanga. Lamulo la lero limafuna kuti mbali ya phazi limodzi la goloboyi ikhale pamzere, molingana nawo kapena kumbuyo kwake pamene mpira ukumenyedwa.

Timu ikhale ndi mndandanda wa omenya wodziwika masewero asanayambe, kuti pasakhale kulimbirana mpira pamaso pa adani. Mapenate ayeseredwe kumapeto kwa zokonzekera, miyendo italema, munthu akuyenda kuchokera pakati pa bwalo anzake akuonerera. Goloboyi alembe m'kabuku mbali imene womenya aliyense wa mu ligi amakonda.

Kodi mpira woponya ndi wa pagolo nayonso ndi yofunika kuiphunzira?

Mpira woponya ndi umene umachuluka kuposa mipira yonse yoimika, ndipo ndi umene umatayidwa kwambiri. Chizolowezi choponyera mumzere kutsogolo, kumene adani adzaza kale, chimabweza mpira kwa iwo mobwerezabwereza. Liverpool inalemba ntchito Thomas Grønnemark mu 2018 kuti aziphunzitsa mbali imeneyi yokha: kuponya msanga, anzake kuyenda kuti atsegule malo, ndi kusaopa kuponyera m'mbuyo kapena pakati. Pa mpira woponya palibe ofusayidi, adani ayenera kuima mamita 2 kutali, ndipo sungalowe pagolo mwachindunji. Timu yokhala ndi munthu woponya patali, monga Rory Delap ankachitira ku Stoke City, imapeza mwayi wofanana ndi kona nthawi iliyonse mpira ukatulukira pafupi ndi bokosi la adani.

Pa mpira wa pagolo, lamulo la 2019 limalola wotchinga kuulandira m'kati mwa bokosi. Kuyambira pafupi kotere kumafuna bwalo losalala ndi osewera odekha. Pabwalo la mabampu timu yamantha imadzipha nako. Ndi bwino kumenyera kutali cha m'mbali, kwa wosewera wodziwa mutu, anzake atamuzungulira. Kuyambira mu 2025, goloboyi akasunga mpira m'manja kupitirira masekondi 8, adani amapatsidwa kona, ndiye kuchedwetsa masewero mwanjira imeneyo tsopano kuli ndi mtengo wake.

Mabwalo a m'makomboni amakhudza bwanji nkhaniyi?

Amaikhudza kuchokera ku ubwana. Mwana wa ku Chawama, Misisi, Kuku kapena John Howard amayamba ndi chimpombwa cha mapulasitiki, pakabwalo kafumbi, miyala iwiri ikuimira golo. Masewero otere amaphunzitsa kuzemba, kusunga mpira pamalo opanikizika ndi kulimba mtima, koma alibe mtengo wam'mwamba, alibe khoma loima mamita 9.15, ndipo kona imakhala ya dzina chabe. Wosewera angafike ku timu ya ligi ali ndi mapazi odabwitsa koma asanaphunzitsidwepo kulumpha pa nthawi yake kapena kukhotetsa mpira. Mphunzitsi asaganize kuti zimenezi zimadziwika kale. Kwa ana aang'ono, kuphunzira kuyambire pa kumenya ndi phazi ndi kuima pamalo. Mutu udikire, monga mmene bungwe la mpira la ku United States linaletsera mu 2015 ana a zaka 10 kutsika m'munsi kumenya mpira ndi mutu.

Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Ligi imayamba cha mu Ogasiti, nthawi ya mphepo ndi nthaka youma, pamene mpira wam'mwamba umapatuka ndipo wapansi umadumpha. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula imadzaza madzi m'mabwalo a kumwera kwa Lusaka, mpira wapansi umaima m'matope, ndipo wonyowa umaterera m'manja mwa goloboyi. Pabwalo limene mpira wopatsirana sukuyenda, mipira yoimika imalemera kwambiri. Womenya ayenera kufika msanga ndi kuyesa makona onse anayi, kaya ndi pa Woodlands, Nkoloma, Sunset kapena Edwin Imboela, kuti adziwe pamene phazi loponda lingaterere ndi kumene mphepo ikulowera.

Nanga za mankhwala amene ena amati amatseka golo?

Nkhani za kukwirira zinthu pagolo, kuwaza madzi pamzere kapena kulowa m'bwalo podumpha mpanda zimamveka m'mpira wa Zambia ndi maiko oyandikana nayo. Palibe umboni wakuti zinapatutsapo mpira. Choipa chake chachikulu n'chakuti zimachotsa udindo pa osewera: chigoli chikalowa, wolakwa amakhala sing'anga wa adani, ndipo wotchinga amene anasiya munthu wake safunsidwa kanthu. Ndalama zopita kumeneko zingagule mipira yokwanira kuti omenya aziyesera popanda kudikirana.

Pafunika nthawi yochuluka bwanji, ndipo ntchitoyi ndi ya yani?

Matimu olemera ali ndi mphunzitsi wa mipira yoimika yokha, monga Nicolas Jover amene anapita ku Arsenal mu 2021, kapena Gianni Vio amene anali ndi Italy pamene inatenga chikho cha ku Ulaya chaka chomwecho. Timu ya ku Lusaka sikufunika kulemba munthu watsopano, koma iyenera kupereka ntchitoyi kwa munthu mmodzi wodziwika, wachiwiri kwa mphunzitsi kapena wophunzitsa magoloboyi, amene aziyankha pa chigoli chilichonse cha mtundu umenewu. Mphindi 15 mpaka 20, katatu pa sabata, zimapindula kuposa ola lathunthu la Lachisanu madzulo osewera atatopa ndipo theka la timu likungoima. Kuyesera kukhale ndi adani olimbana mwamphamvu, chifukwa kona yomenyedwa m'bokosi lopanda munthu siphunzitsa kanthu. Omenya atsalire okha pambuyo pake kuti abwereze mpaka mpira uzigwera pamalo amodzi.

Kutchinga kumaonetsa kusintha m'masabata ochepa, popeza kumadalira dongosolo. Kumwetsa kumachedwerapo, ndipo apa ndi pamene akuluakulu a timu ndi ochemerera amataya mtima. Zigoli zokha sizokwanira kuyezera, chifukwa timu ingachite zonse bwino masewero anayi osamwetsa. Choyenera kuwerenga ndi makona angati amene mnzawo anayamba kukhudza, angati anathera pa kumenyera pagolo, ndi mafaulo angati amene anaperekedwa pafupi ndi bokosi lawo. Ziwerengero zimenezi zikamayenda bwino, zigoli zimatsatira. Mipira yoimika singasandutse timu yosalipira osewera ake kapena yosakonzekera mokwanira kukhala akatswiri a ligi, koma pa timu imene ikugonja ndi chigoli chimodzi sabata ndi sabata, palibe mbali ina ya masewero imene ingabweze mapointi ochuluka chotere pa ndalama zochepa chotere.